Mlendo wa ku Senga Bay timutulutse mumpanda

Lachisanu lililonse dzuwa likapendeka, msewu wochokera ku Lilongwe umadzaza ndi magalimoto otsetsereka kulowera kunyanja. Atsika zitunda za ku Mvera, afika pa Kamuzu Road, mwina aima pang'ono kuthira mafuta, kenako liwiro la ku Senga Bay. Kumeneko mlonda atsegula geti, galimoto ilowa, geti litsekedwa. Basi kwatha. Mlendo ameneyu tidzamuonanso Lamulungu masana akubwerera kwawo magalasi ali otseka, ndipo ngati pali munthu wamba wa ku Salima yemwe wapindula naye, ndi mayi mmodzi wogulitsa mango pamsewu ndi mnyamata yemwe wamugulitsa chambo chomangirira pa galasi la m'mbali.

Anthu akamakamba zotukula ntchito zokopa alendo m'boma lino, nkhani imathamangira ku mahotela: timange ina yaikulu, ya nyenyezi zisanu, yokhala ndi holo yolowa anthu chikwi. Ine ndikuti kumbali ya mahotela tafikapo ndithu. Kuyambira ku Livingstonia Beach, yomwe akuluakulu ankaidziwa kuti Grand Beach, mpaka Sunbird Waterfront yomwe inatsegulidwa mu 2021, kuwonjezapo malo ogona ang'onoang'ono omwe andanda kuchokera ku Kambiri mpaka ku Leopard Bay, pogona si vuto lathu. Chomwe tilibe ndi chifukwa choti mlendo atulukire kunja kwa mpanda. Akadali mkatimo, ndalama yake imangozungulira pakati pa bala, khitchini ndi ofesi ya akawunti, kenako n'kukwera msewu womwewo kubwerera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, komwe kuli eni malo ambiri ndi masitolo omwe amaoda katundu. Sindikukana kuti mahotela alemba ntchito ana athu ndipo amagula nsomba ndi ndiwo zamasamba kuno. Koma ng'ombe ikudya msipu wathu, mkaka wambiri akukama ena.

Tiyambe tagwirizana kuti mlendo wathu ndi ndani. M'zithunzi zotsatsa dziko lino, mlendo amakhala mzungu wachipewa chachikulu ndi kamera pakhosi. Azungu amabwera, inde, koma pitani mukaone manambala a magalimoto omwe aima pa hotela Lachitatu masana. Ndi a MG (a boma), a mabungwe omwe si aboma, a makampani a ku Kanengo ndi ku City Centre. Mlendo weniweni wa ku Salima ndi Mmalawi wa ku Area 25 kapena Area 47 yemwe wabwera kumsonkhano wa masiku atatu. Kumathero a sabata ndi mabanja, magulu a amayi a kumpingo, a banki m'khonde omwe angogawana kumene ndalama zawo, ana a ku koleji ndi akwati odzajambulitsa pamchenga. Lilongwe ilibe nyanja, ndipo makilomita pafupifupi 120 ochoka ku likulu kufika ku Senga Bay ndi ochepa moti munthu amadya nkhomaliro ku ofesi n'kudzadya mgonero akumva mafunde. Mangochi ndi Nkhata Bay angasirire mwayi umenewu.

Taonani tsiku la munthu wa kumsonkhanoyu. Cha m'ma 4 koloko wapampando watseka zokambirana, anthu asayinira alawansi. Kwatsala maola awiri kuti kude, ndi usiku wonse pamwamba pake, m'thumba muli kenakake. Amatani? Ena amakagona, ena amakhala pa bala n'kumaonera mpira wa ku England womwe akanaonera ali kwawo. Ochenjera, pofuna kupulumutsa alawansi, sagona n'komwe pa hotela ya msonkhanoyo, amasaka kachipinda kotchipa kuseri kwa msika. Amenewa ndiwo amasiyako kangachepe m'mudzi, koma ndi ka chipinda ndi chipisi cha pachiwaya basi. Palibe amene wawauza kuti pamtunda woyenda mphindi zowerengeka pagalimoto pali mbidzi, kapena kuti ndi ndalama yosaposa ya mabotolo angapo akhoza kukwera boti kukazungulira chilumba chomwe akhala akuchiyang'ana pawindo la holo kuyambira m'mawa.

Mizinda yomwe imadyera alendo inazindikira kalekale kuti bedi palokha silikoka munthu. Ku Cape Town mlendo akangofika pa hotela amapeza timapepala tomuuza kuti basi yofiira yopanda denga imadutsa nthawi yakutiyakuti, mtengo wake ndi uwu, ikamufikitsa kuphiri la Table Mountain n'kumubweza. Ku London mahotela amadalira nyumba za zisudzo za ku West End, nyumbazo nazonso zimadalira mahotela, chifukwa munthu amalipira usiku wina woonjezera pofuna kuonera sewero la mawa. Wina anena kuti apa ndapita kutali, Salima si London. Chabwino, tibwere pafupi. Ku Zanzibar dzuwa likalowa alendo amatuluka m'mahotela kupita ku Forodhani, pabwalo la m'mbali mwa nyanja pomwe anthu wamba amawotcha nsomba ndi kugulitsa madzi a nzimbe. Masana amalipira kuti akaone minda ya zonunkhiritsa zakudya, komwe mlimi amangowaonetsa mtengo, kuthyola tsamba n'kuwanunkhitsa. Palibe chozizwitsa pamenepo. Chomwe akugulitsa ndi dongosolo: nthawi yodziwika, mtengo wodziwika, ndi munthu wodziwika yemwe ukhoza kukamudandaulira zinthu zikalakwika.

Nanga ife zoonetsa tilibe? Kufupi ndi boma kuli nkhalango ya Kuti, momwe muli mbidzi, mphalapala ndi nyama zina, koma mulibe mikango, moti munthu amayendamo wapansi kapena panjinga. Chakumapiri kuli Thuma, komwe kuli njovu ndi njati. Ku Kambiri kuli malo omwe anayambitsa Stuart Grant, komwe kwa zaka zambiri akhala akusunga mbuna m'mathanki n'kumazitumiza kunja, tinsomba tomwe ife timatinyoza kuti n'tosadyeka pomwe anthu a ku Ulaya amatigula modula. Kutsogolo kwa Senga Bay kuli chilumba cha Namalenje, ndipo chakumwera kuli zilumba za Maleri, zomwe ndi mbali ya Lake Malawi National Park, malo omwe bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Njanji inafika ku Salima mu 1935, zaka zoposa makumi anayi isanafike ku Lilongwe, ndipo ku Chipoka njanjiyo imakumana ndi doko. Ana angati a sukulu a ku likulu anaonapo doko ndi maso awo?

Koma chuma chathu chachikulu ndi nkhani ya chilumba cha Mbenje. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi pachilumbachi nyengo ya mvula, cha m'Disembala, n'kudzatsegula cha m'Epulo ndi mwambo wake. Kumeneko kuli malamulo okhwima: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, amayi safikako, ndipo wophwanya amachotsedwa. Pamene magombe ena akulira kuti nsomba zatha, ku Mbenje utaka ukadalipo, moti ofufuza a m'mayunivesite a kunja amabwera kudzaphunzira momwe mafumu ndi asodzi anakwanitsira zomwe malamulo olembedwa alephera m'madera ena. Sindikunena kuti tizitengera alendo pachilumbapo ngati kokadyera pikiniki, ayi, malamulo a kumeneko alemekezedwe. Ndikunena kuti ogwira ntchito za boma ndi za mabungwe amakhala masiku atatu muholo ya ku Senga Bay akukambirana zoteteza chilengedwe, akuonera zithunzi pakhoma, pomwe m'boma lomweli muli akuluakulu omwe akhoza kukhala nawo pansi pa mtengo kugombe n'kuwafotokozera momwe zimachitikira zenizeni. Ulendo wotero ukanalipiridwa, ndipo ndalamayo ikanatsala kwa Makanjira.

Ngakhale zomwe ife timaziona ngati zawamba n'zogulitsika. Pitani ku Nguwo mbandakucha. Maboti a ukonde wa chilimira akubwera kuchokera pakati pa nyanja, nyali zokopera nsomba zazimitsidwa, alovi (anyamata okoka ukonde) maso ali gwa ndi tulo akukokera boti kumtunda. Amayi alowa kale m'madzi mpaka m'mawondo ndi mabeseni awo, mtengo ukukwera ndi kutsika pakamwa pomwepo malingana ndi momwe usiku wayendera. Pakangopita kanthawi usipa wayalidwa pa thandala ukunyezimira, wina ukuwiritsidwa kuti ukhale wofutsa, ndipo akabaza akumanga madengu kuti athamangire nawo kumsewu. Bwana wa ku Capital Hill amadya usipa sabata iliyonse koma sanaonepo zimenezi. Atapezeka womudzutsa 5 koloko, kumuperekeza, kumufotokozera kusiyana kwa chilimira ndi matchera, n'kumuthandiza kugula ndowa yake pamtengo wa pagombe, angakane kulipira? Chofunika n'chakuti gombelo likhale ndi zimbudzi zogwira ntchito, zomwe asodzi eniake akuzifuna kale ngakhale popanda mlendo.

Kwa amene ali ndi tsiku lathunthu, Salima ili pakatikati. Chakumwera kuli Mua, m'boma la Dedza, komwe kuli mishoni ya mu 1902 ndi malo osungirako chikhalidwe a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Chakumpoto, mukakhota pa Kaphatenga, msewu wa M5 ukufikitsani ku Nkhotakota, pamtengo pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe, mfumu yochita malonda a akapolo, mu 1863, ndi kunkhalango yomwe bungwe la African Parks linayamba kuisamalira mu 2015 n'kusamutsiramo njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Msewuwo wadandaulitsa anthu kwa zaka, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Funso n'lakuti, zonsezi zilipo, bwanji sizikuyenda? Tiyeni tione momwe ulendo wa paboti umagulitsidwira lero. Mlendo waima pamchenga, mnyamata wamuyandikira: "Bwana, tikufikitseni pachilumba?" Mtengo ukutchulidwa poyang'ana nsapato ndi foni ya mlendoyo. Akagwirizana, mnyamata uja apempha theka la ndalama kuti akagule petulo, ndipo apita. Mlendo adikira, mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati abwerenso. Akabwera, boti si lake, ndi la msodzi yemwe naye akufuna gawo lake. Majekete odzitetezera pamadzi alipo awiri, okwera asanu ndi mmodzi. Mwera ukayamba kuwomba ali pakati, aliyense ayamba kupemphera m'chipembedzo chake. Mlendoyu akabwerera ku Lilongwe sakauza anzake za nkhwazi yomwe anaiona ikutola nsomba pamadzi, akawauza kuti kumeneko musayerekeze.

Apa ndi pomwe eni mahotela amaimira, ndipo mfundo yawo si yachabe. Amati mlendo akaberedwa foni kunja kwa geti, kapena akavutitsidwa ndi ogulitsa ziboliboli khumi nthawi imodzi, dzina lomwe limaipa pa Facebook ndi la hotela. Ndiye n'kwabwino kumusunga mkati, ndipo ngati akufuna boti akwere la hotela. Ndikuwamvetsa. Koma mpanda sunathetse vutolo, wangolikankhira kuseri. Mnyamata yemwe watsekeredwa kunja sasowa, amangodikira pomwe waya wathera, ndipo popeza mwayi wake ndi umodzi patsiku, akaupeza amafinya mlendo mpaka madzi. Munthu yemwe akudziwa kuti mawa kubweranso gulu lina kudzera pa ofesi ya hotela alibe chifukwa chobera wa lero.

Zomwe ndikupempha sizikufuna ngongole ya ku World Bank. Anyamata operekeza alendo ndi eni maboti akhale ndi bungwe lawo lolembetsedwa ku khonsolo. Aliyense akhale ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi ndi nambala. Mitengo ilembedwe pa bolodi poonekera, wa Mmalawi ndi wa mlendo wa kunja, kuti pasakhale zoyang'ana nsapato. Boti lililonse lonyamula alendo liyenderedwe ndi a nthambi yoona za maulendo a pamadzi, jekete likhale la aliyense, ndipo tsiku la mwera wamphamvu pakhale munthu mmodzi wa mphamvu zonena kuti lero sitinyamuka. Wobera mlendo alandidwe chiphaso ndi anzake omwe, chifukwa iwo ndiwo amadziwana. Zikatero, hotela ilibenso chifukwa chokanira kuika bolodi lija pamalo olandirira alendo ndi kutenga kagawo kake kochepa pa mlendo aliyense yemwe yatumiza. A Malawi Institute of Tourism akhoza kubwera kudzaphunzitsa anyamatawa kwa masabata ochepa konkuno, m'malo modikira kuti mwana wa msodzi apeze fizi ndi thiransipoti yokaphunzirira kutauni.

Akabaza tisawaiwale. Salima imadziwika dziko lonse ndi njinga zake, zokhala ndi mpando wofewa kumbuyo, zina zokongoletsedwa ngati mkwatibwi. Dera lathu ndi lachidikha, njinga imayenda bwino. Cape Town ili ndi basi yofiira, ife tili ndi kabaza: gulu la alendo khumi, njinga khumi, kuchoka pa hotela kudutsa kwa osema ziboliboli ndi oluka mipando, kukaona minda ya mpunga, kukathera pamsika. Aliyense mwa anyamata khumiwo akalowa m'nyumba madzulo ndi ndalama yomwe ikagula ufa m'sitolo ya m'mudzi momwemo.

Tsopano za usiku, zomwe kwa ine ndiye zopweteka kwambiri. Senga Bay yalandirapo zikondwerero zikuluzikulu. Lake of Stars inachitikira ku Livingstonia Beach mu 2008, inabweranso m'boma lino mu 2018, ndipo mu 2024 inali ku Nkhotakota. Sand Music Festival, yomwe anayambitsa malemu Lucius Banda, yasonkhanitsapo anthu miyandamiyanda pamchenga womwewu. Masiku atatu amenewo aliyense amadya: wa kanyenya, wa chipinda, wa kabaza, ngakhale mwini bwalo loimikapo magalimoto. Zimenezi zinatiphunzitsa kuti anthu a ku Lilongwe amalipira zosangalatsa akazipeza. Koma chikondwerero chimabwera kamodzi pachaka, ndi zida zake, oimba ake ndi mahema ake, Lolemba n'kupakira zonse m'malole. Masabata ena onse otsalawo, ikangokwana 7 koloko usiku, chomwe chatsala ndi sipika ya pa bala.

Boma lino likufunika bwalo la zisudzo ndi magule, ndipo likhale kunja kwa mpanda wa hotela iliyonse. Sindikunena chinyumba ngati BICC, holo yaikulu ya misonkhano ya ku Lilongwe ija. Ndikunena malo otchingidwa ndi bango, mipando ya simenti yozungulira, nsanja, zimbudzi zaukhondo, nyali zoyendera dzuwa (boma lomwe lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Nanjoka lisalephere kuwalitsa nsanja imodzi), ndi mzere wa amayi ogulitsa chambo chowotcha ndi mpunga kunja kwake. Pulogalamu idziwike: tsiku lakuti mganda ndi chimtali, tsiku lakuti beni, tsiku lina chioda cha ku Nkhotakota, tsiku lina sewero. Salima ndi malo omwe Achewa ndi Ayao akhala limodzi kwa mibadwo, moti zovina sizingatithere.

Ochita zisudzo tili nawo kale. Dera lililonse lili ndi gulu la achinyamata lodziwa kuseketsa ndi kuliza anthu, koma amangoitanidwa bungwe likafuna sewero lophunzitsa kusamba m'manja kapena kugona m'masikito. Akamaliza apatsidwa tisheti ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Dziko lino linaonapo Du Chisiza Jnr akudzaza maholo ndi gulu lake la Wakhumbata, linaonapo Izeki ndi Jakobo akugwetsa anthu ndi phwete, ndipo a Kwathu asonyeza kwa zaka zambiri kuti Amalawi amagula tikiti yoonera sewero la m'Chichewa. Mlendo wathu, monga ndanena, ndi Mmalawi. Safuna womasulira. Mupatseni sewero lonena za bwana yemwe wasayinira alawansi ya misonkhano iwiri tsiku limodzi, adzaseka mpaka misozi ngakhale akudziwa kuti akunenedwa ndi iyeyo.

Wina ati, koma mahotela amaitana kale magule. Zoona, ndipo funsani ovinawo momwe zimakhalira. Amayi khumi ndi asanu adikira kuseri kwa khitchini kuyambira masana, alowa alendo akudya, avina fumbi koboo pomwe anthu akucheza zawo ndi mafoloko m'manja, ndipo chomwe agawana pamapeto n'chosakwana mbale zochepa za chakudya cha pa tebulo lomwelo. Pamenepo gule wasanduka chokometsera nsima. Pabwalo lawolawo, mlendo ndiye amapita kwa ovina, amalipira pakhomo, amakhala pansi n'kutchera khutu, ndipo ndalama ya pakhomo imawerengedwa pamaso pa gulu.

Pa gule wamkulu pokha tiyende mosamala. UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndipo alendo ambiri amafuna kumuona. Koma gule ali ndi eni ake, ali ndi dambwe, ali ndi nthawi yake. Si wotulutsa chifukwa minibasi ya alendo yafika. Oyenera kunena zomwe zingaonetsedwe, liti ndiponso motani, ndi mafumu ndi akuluakulu a mwambo, osati manijala wa hotela kapena kalaliki wa khonsolo. Ku Kungoni anasonyeza kuti n'zotheka kufotokozera mlendo tanthauzo la zilombo mwaulemu popanda kuulula za kudambwe. Mafumu athu akati ayi, tivine mganda, palibe chomwe chatayika.

Pali gulu lina la alendo lomwe timalichitira nkhanza kuposa onse, ndipo ndi lalikulu kwambiri. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, komanso pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano, malole ndi maminibasi amakhuthula anthu ku Senga Bay kuchokera ku Kawale, ku Mchesi, ku Dowa, ku Mchinji. Ena aona nyanja koyamba m'moyo wawo. Anthu amenewa sagona pa hotela, koma amagula nsomba, chimanga chowotcha, zitenje, ndipo amakwera boti. Ndalama yawo ndi yomwe imalowa mwachindunji m'manja mwa anthu wamba. Tawakonzera chiyani? Olipira pageti amalowa, otsala amathithikana pa kampata komwe katsala pakati pa mipanda, popanda chimbudzi, posinthira zovala, kapena munthu woyang'anira osambira. Mawu akuti tiziyamba ndife Amalawi timawamva mu Seputembala, mwezi wa zokopa alendo, koma gombe lenileni la anthu onse, losamalidwa, lokhala ndi opulumutsa anthu pamadzi, ndi lomwe likanasonyeza kuti tikunena zoona. Madzi a m'nyanja atakwera mu 2024 n'kumiza mchenga ndi kulowa m'malo ena ogona alendo, tinaona tonse kuti kumanga mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi kumapweteka ngakhale womangayo. Khonsolo ndi mafumu asagawenso malo a m'mbali mwa nyanja popanda kusiya njira ndi gombe la anthu, pakuti mayi wa kwa Maganga yemwe akuzungulira mtunda wautali kuti akachape sangamwetulire mlendo yemwe wamutsekera njira.

Ndalama zochitira zonsezi zichokera kuti? Yang'anani pa risiti ya hotela iliyonse yolembetsedwa, mupezapo msonkho wa zokopa alendo wa 1 peresenti. Ndalama imeneyo imapita ku likulu, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kutsatsa dziko. Kutsatsa n'kofunika, koma n'kulakwa kufunsa kuti gawo lina la zomwe zatoleredwa ku Senga Bay lizibwerera ku Senga Bay? Aphungu athu akafunse zimenezi ku Nyumba ya Malamulo. Khonsolo nayo imatolera ziphaso za malonda kwa eni malo ogona, ndipo pali thumba la chitukuko cha m'madera lomwe chaka chilichonse timamva kuti lamanga ichi ndi icho. Bwalo la bango ndi zimbudzi zinayi sizingagwetse bajeti.

Eni mahotela nawo aganize za mawa lawo. Boma lalamulapo kangapo, chuma chikavuta, kuti misonkhano ya ogwira ntchito zake isamachitikire kunyanja. Lamulo lotere likangotuluka, zipinda zimakhala pululu ndipo oyamba kuuzidwa kuti akapume kaye kunyumba ndi ana athu operekera zakudya ndi oyala mabedi. Mliri wa Covid-19 unatisonyezanso zomwezo. Hotela yomwe imadalira holo ya msonkhano yokha moyo wake uli m'manja mwa kalata imodzi yochokera ku Capital Hill. Koma munthu yemwe anabwera kumsonkhano n'kukaona mbidzi ku Kuti, kugula usipa ku Nguwo ndi kuseka pabwalo la zisudzo, adzabweranso ndi mkazi wake ndi ana, ndi ndalama ya m'thumba mwake, popanda kudikira nduna kapena mlembi wamkulu kumupatsa chilolezo.

Woyenera kuitanitsa mkumano woyamba ndi bwanamkubwa wa boma lino, ndipo pamkumanopo pakhale eni mahotela, mafumu a m'mbali mwa nyanja, makomiti a m'magombe, wapampando wa akabaza, osema ziboliboli ndi atsogoleri a magulu a zisudzo. Uchitikire pabwalo la sukulu, osati muholo ya hotela, kuti wa kabaza asayambe wakanizidwa pageti. Asadikire bwalo la simenti kuti ayambe. Bwalo la mpira lomwe lilipo, nyali zobwereka ndi bolodi limodzi la mitengo n'zokwanira kuyesera kwa miyezi itatu, usiku umodzi pasabata. Usikuwo ukhale wa Lachinayi, chifukwa likafika Lachisanu masana anthu a kumsonkhano amakhala atalongedza kale zikwama.